Kuguga kwa Saladi: Mafunso ndi Mayankho pa Kayesedwe ka Mafuta Ophikira

Aliyense amene anayendapo m'misewu ya ku Kanyama, kapena kudutsa pakati pa tuntemba ta ku Chawama ndi ku George dzuwa lili paliwombo, anaona mizere ya mabotolo a mafuta ophikira, amene anthu a mu Lusaka amawatcha saladi, ataikidwa poyera pamodzi ndi timilu ta tomato ndi kapenta. Ndipo pambali pa mabotolowo pamalendewera timapepala ta pulasitiki tomanga mfundo, m'mene muli mafuta ongokwana ndiwo za tsiku limodzi. Ambiri mwa mafutawa anatuluka m'fakitale ali angwiro, koma chimene chimawachitikira pakati pa chipata cha fakitale ndi poto wa mayi wa m'komboni, ndi m'mene anthu a nzeru amachiyesera, n'zimene tafuna kufotokoza pano, pokumbukira kuti safunsa anadya phula.

*Kodi mafuta ophikira amawonongeka, popeza saola ngati nyama kapena kusasa ngati mkaka?*

Amawonongeka ndithu, koma mwa njira yawoyawo. Nyama imaola ndipo mkaka umasasa chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timafuna madzi kuti tiswane. Tsono popeza m'mafuta oyengedwa bwino mulibe madzi, tizilomboto sitipezamo malo, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amayesa kuti mafuta alibe imfa. Mdani wa mafuta ndi mpweya womwewu umene timapuma, pakuti mwa magawo 100 a mpweya, magawo 21 ndi okosijeni, ndipo okosijeniyo amalowa m'mafuta n'kukamatirira pa malo ofooka a tizigawo take. Poyamba amabala zinthu zotchedwa peroxide, zimene zilibe fungo kapena kukoma kulikonse, kotero kuti ngakhale mphuno ya mayi wodziwa kuphika singazizindikire. Pambuyo pake ma peroxide amasweka n'kutulutsa zinthu zina zazing'ono zouluka, makamaka za mtundu wa aldehyde, ndipo zimenezi n'zimene zimadzetsa fungo lija la penti ndi kukanda kuja kwa kummero kumene tonse timakudziwa. Fungo la pentilo silibwera mwangozi ayi, pakuti penti wopangidwa ndi mafuta a mbewu amauma pakhoma mwa njira yomweyi ya kumwa mpweya, ndipo ulimbo umene umamata pakhosi pa botolo lakale la saladi ndi mafuta amene ayamba kuuma chimodzimodzi.

*Nanga n'chifukwa ninji mafuta amakhala bwino miyezi yambiri, kenaka n'kuipa m'masiku owerengeka?*

Funso limeneli ndilo phata la nkhani yonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Théodore de Saussure wa ku Geneva anatsekera mafuta a walnut pamodzi ndi mpweya m'galasi, naona kuti kwa miyezi yambiri mafutawo ankamwa mpweya wochepa zedi, koma kuti mwadzidzidzi, m'masiku ochepa okha, anamwa wochuluka kuposa wa miyezi yonse ija. Chifukwa chake chinadzamveka bwino m'zaka za m'ma 1940, ndipo amene anachivumbula, monga Farmer, Bolland ndi Gee, anali akatswiri a ku England ofufuza za mphira, amene nkhawa yawo inali pa chimene chimaumitsa ndi kung'ambula mphira akakhalitsa. Mwa njira yotero, anthu a matayala anathandiza anthu a kukhitchini osadziwa.

Akatswiri a mphirawo anapeza kuti kachigawo kamodzi ka mafuta kakagwidwa ndi okosijeni, kamavulaza kanzake koyandikana nako, nako n'kuvulaza kena, monga moto wa m'tchire mu October umene tsinde limodzi la udzu limayatsa linzake mpaka dambo lonse litapsa. Koma Mlengi sanasiye mbewu yopanda chitetezo: m'njere za mpendadzuwa, za soya ndi za mtedza muli tocopherol, amene ndiye vitamini E, ndipo ntchito yake ndi kuzimitsa moto uliwonse ukangoyamba, iye mwini n'kuthera pomwepo. Nthawi yonse imene tocopherol akadalipo, kuguga kumayenda pang'onopang'ono. Tsiku limene watha, moto umathamanga popanda woutchinga. Nyengo yabata imeneyi akatswiri amaitcha induction period, ndipo chifukwa cha iyo, munthu wa mu labotale akapatsidwa botolo amakhala ndi mafunso awiri osiyana: loyamba, mafutawa aguga kufika pati, lachiwiri, atsala ndi mphamvu yotani yolimbana ndi mpweya. Mabotolo awiri angathe kufanana maonekedwe, fungo ndi kukoma, pamene lina latsala ndi miyezi isanu ndipo linzake latsala ndi sabata imodzi.

*Kodi mafuta onse amaguga mofanana?*

Iyayi. Mafuta amapangidwa ndi ma asidi a mitundumitundu, ndipo chimene chimawasiyanitsa ndi chiwerengero cha malo ofooka aja, amene m'mabuku amatchedwa double bond. Asidi wa palmitic alibe ndi amodzi omwe, wa oleic ali ndi malo amodzi, wa linoleic ali ndi awiri, ndipo wa linolenic ali ndi atatu. Ndipo wa malo awiri amaguga mofulumira koposa kakhumi kuyerekeza ndi wa malo amodzi, pamene wa malo atatu amathamanga kuposa pamenepo. Mafuta a mpendadzuwa wamba, amene amalimidwa kwambiri ku Katete, ku Petauke ndi ku Chipata, kawirikawiri theka lake kapena kuposa ndi linoleic. A soya nawonso ali pafupi ndi theka, kuwonjezera pa linolenic wapakati pa magawo 5 ndi 11 mwa 100. A mtedza ali ndi oleic wambiri, chotero amalimbako. Ndipo a kanjedza, amene ambiri amachokera ku Malaysia ndi ku Indonesia, ali ndi linoleic wongokwana magawo 10 mwa 100, chotero amalimba koposa onsewa.

Munthu asathamangire kunena kuti olimbawo ndiwo abwino koposa, pakuti malo ofooka omwewo amene amakopa mpweya ndiwo amene madokotala amawayamikira pa nkhani ya mtima ndi mitsempha ya magazi. Mafuta okomera thupi ndiwo amafuna chisamaliro chachikulu.

*Akatswiri amayesa bwanji pamene mafuta afika?*

Muyeso wodziwika koposa ndi peroxide value, umene unakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ndi ntchito ya Lea ku England ndi Wheeler ku America, ndipo mpaka lero sunasinthe kwenikweni. Woyesa amapima magalamu asanu a mafuta m'kabotolo ka galasi kopapatiza kukamwa, nawasungunula m'mankhwala amene mbali yake yaikulu ndi acetic acid, asidi yemwe uja wa mu viniga koma waukali; kenaka amathiramo potassium iodide pang'ono, n'kutseka, n'kukhutchumula kwa mphindi imodzi. Ngati m'mafutamo muli ma peroxide, amamasula ayodini, ndipo madziwo amasanduka achikasu. Akadonthezamo sitachi amada bii, mtundu wa buluu wakuda. Pamenepo woyesayo amatsegula kampopi ka chubu chagalasi cholembedwa manambala, nadontheza mankhwala a thiosulphate dontho limodzi limodzi, dzanja lina likuzunguza kabotolo, kufikira dontho limene buluu uja amazimirira n'kutsala madzi oyera. Kuchuluka kwa mankhwala amene alowa n'kumene kumanena kuchuluka kwa ma peroxide.

Bungwe la Codex Alimentarius, limene linakhazikitsidwa ndi FAO ndi WHO mu 1963, ndipo maiko ambiri amatsatira malangizo ake polemba malamulo awo a zakudya, linaika mu muyezo wake wa 1999 wa mafuta a mbewu kuti mafuta oyengedwa m'fakitale asapitirire 10 pa muyeso umenewu, ndipo ofinya chabe osayenga asapitirire 15. Mafuta ongotuluka kumene m'fakitale yabwino amakhala pansi pa 1.

*Tsono nambala ikakhala yotsika, ndiye kuti mafutawo ndi abwino?*

Osati nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Ma peroxide sakhalitsa: amachuluka, nafika pachimake, kenaka n'kuyamba kusweka, kotero kuti mafuta oguga kotheratu angathe kuonetsa nambala yotsika ngati ya mafuta atsopano. Komanso gawo lotsiriza la kuyenga m'fakitale, pamene nthunzi imapyozedwa m'mafuta otentha koposa madigiri 200 kuti ichotse fungo, limaphwanya ma peroxide onse, ndipo mafuta amene anagona nthawi yaitali m'matanki asanayengedwe amatuluka ndi nkhope yachinyamata. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa cha ichi pali muyeso wachiwiri, wotchedwa anisidine value, umene umawerenga ma aldehyde olemera amene amatsalira m'mafuta ngakhale atayengedwa, ndipo umenewu ndiwo umaulula mbiri yawo yakale. Akatswiri amachulukitsa peroxide value kawiri, nawonjezerapo anisidine value, n'kupeza nambala imodzi yotchedwa Totox, imene imanena za lero ndi za dzulo pamodzi.

*Nanga mphamvu imene yatsala, amaidziwa bwanji popanda kudikira chaka chathunthu?*

Amaidziwa pokalambitsa mafutawo mwadala. Njira yakale koposa, yotchedwa Schaal oven test, ndi yoika mafuta m'tizibekete totsegula mu uvuni wa madigiri 60 kapena kuposa pang'ono, n'kumawanunkhiza kapena kuwayesa tsiku ndi tsiku mpaka ataipa. Imatenga masiku kapena masabata, koma ili ndi ubwino wakuti kutentha kwake sikutalikirana kwambiri ndi kwa moyo weniweni. Mu 1933, King, Roschen ndi Irwin, a kampani ya nyama ya Swift ku Chicago, anafulumizitsa ntchitoyi potenthetsa mafuta pafupi ndi madigiri 98 ndi kupopamo mpweya mosalekeza. Koma munthu ankayenera kukhala pomwepo, kutapa pang'ono nthawi ndi nthawi n'kuyesa peroxide value, nthawi zina mpaka usiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kotero kunali kodula.

Mu 1974, Hadorn ndi Zürcher a ku Switzerland anaonetsa njira yochotsera munthu pa ulonda umenewu, ndipo pa nzeru yawoyo kampani ya Metrohm ya ku Herisau inapanga makina otchedwa Rancimat, amene lero ndiwo amagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri motsata muyezo wa ISO 6886. Kachitidwe kake nkotere. Magalamu atatu a mafuta amaikidwa m'chubu chagalasi, chubucho n'kulowetsedwa m'chitsulo chotenthedwa pa madigiri 110 kapena 120, osakwera osatsika. Kapaipi kamalowetsa mpweya wouma pansi pa mafutawo kuti uziphulika timathovu, ndipo mpweya wotuluka umatsogozedwa m'kachikho ka madzi oyeretsedwa kotheratu, m'mene muli tizitsulo tiwiri toyesa m'mene magetsi akudutsira. Madzi oyera chotero salola magetsi kudutsa bwino, chotero pa kompyuta pamaoneka mzere wogona, ukuyenda chogona ola ndi ola pamene tocopherol akulimbana ndi mpweya. Koma mphamvu ija ikatha, mafuta amayamba kutulutsa ma asidi ouluka, makamaka formic acid, yemwe uja amene nyerere zina zimadzitetezera naye; ma asidiwo amagwera m'madzi, magetsi amayamba kudutsa, ndipo mzere uja umadzuka n'kuloza kumwamba. Maola amene apita kufikira pokhota pamenepo ndiwo yankho.

Pa madigiri 120, mafuta a mpendadzuwa wamba amapirira maola awiri kapena atatu, a soya amaposa pang'ono, pamene a kanjedza amayandikira maola khumi. Ndi makina amenewa mwini fakitale amadziwa ngati mankhwala oteteza amene wathiramo, monga TBHQ, akugwira ntchito, ndipo amapezerapo poyambira polemba tsiku lothera ntchito pa chigubu.

*Kodi maola a m'makinawo angatiuze masiku amene botolo lidzakhale pa kantemba ku Matero?*

Amatiuza mbali imodzi yokha. Pali lamulo lachidule lakuti kutentha kukatsika ndi madigiri 10, nthawi yopirira imawirikiza kawiri. Tikatenga mafuta opirira maola atatu pa madigiri 120, n'kutsika nawo masitepe asanu ndi anayi kufika pa madigiri 30, timapeza maola 1,536, amene ndi masiku 64. Koma pa madigiri 40 masikuwo ndi 32 okha. Masamu amenewa ndi ongoyerekeza, pakuti m'botolo lotseka mulibe mpweya wopopedwa ngati wa m'makina, ndipo mafuta otsekedwa bwino amakhala nthawi yaitali kuposa pamenepa. Komabe akutiphunzitsa chinthu choona, chakuti kantemba ka malata mu October, pamene kunja kwenikweniko kumapitirira madigiri 30 ndipo pansi pa malata kumaposa, kamadya moyo wa mafuta mowirikiza.

Chimene makinawo saona n'komwe ndi dzuwa, pakuti chubu chija chimakhala mumdima wa m'chitsulo. Kuwala kukagwa pa mafuta, makamaka amene atsalira ndi kobiriwira pang'ono ka mbewu, kumasandutsa okosijeni kukhala wa mtundu wina waukali, umene umagwira linoleic mofulumira koposa ka 1,000 kuyerekeza ndi okosijeni wamba, ndipo suyembekezera kuti nyengo yabata ija ithe. Tsono lingalirani za kapepala ka pulasitiki kopyapyala, koonekera mbali zonse, kolendewera pa msomali kuyambira m'mawa mpaka madzulo mu mzinda wokwera mamita oposa 1,200, kumene dzuwa la m'chilimwe silibisika ndi mtambo kwa miyezi.

Pali chinanso: zitsulo. Mkuwa, umene ndiwo chuma ndi ulemerero wa dziko la Zambia, ndi poizoni kwa mafuta, kotero kuti Codex imalola miligalamu 0.1 yokha pa kilogalamu ya mafuta oyengedwa, ndi miligalamu 1.5 ya chitsulo. Mlaliki wa m'Baibulo anachenjeza kalekale za chimene ntchentche zakufa zimachita m'mafuta a wosanganiza zonunkhira. Fanulo yadzimbiri, kapena kachitini kopimira kamene kanayamba kudyeka m'mphepete, zimachita zomwezo. Ndipo wogulitsa akathira mafuta atsopano pa otsalira akale m'botolo losatsuka, ma peroxide a akalewo amayambitsa kuguga mwa atsopano tsiku lomwelo; nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Tsiku lolembedwa pa chigubu cha malita 20 ndi lonjezo la chigubu chotseka chosungidwa pamthunzi, ndipo chivindikiro chikangotsegulidwa kuti mafuta agawidwe, lonjezolo latha.

Komabe tisaiwale chimene chimapulumutsa anthu a m'komboni, ndicho kugula pang'onopang'ono. Pa kantemba pamene pali malonda, chigubu chimatha m'masiku ochepa, ndipo kapepala kogulidwa masana kamathera mu poto madzulo ake. Choopsa chili pa kantemba kopanda makasitomala, ndi pa botolo lakumapeto kwa mzere limene wogulitsa amalisiya poyera ngati chokopera anthu, iye n'kumagulitsa ena.

*Bwanji za mafuta a m'chiwaya cha vitumbuwa ndi tchipisi, amene amatenthedwa tsiku ndi tsiku?*

Amenewa ali ndi mlandu wawo. Pokazinga, mafuta amafika madigiri 170 mpaka 190, ndipo pa kutentha kotero ma peroxide amasweka akangobadwa, kotero kuti peroxide value ilibe ntchito m'chiwaya. Kuwonjezera pa mpweya, madzi otuluka mu ufa wokanda kapena mu mbatata amadula tizigawo ta mafuta. Nyenyeswa zotsalira zimapserera n'kudetsa mafuta. Ndipo tizigawo tovulala timalumikizana n'kupanga zinthu zolemera, zimene zimachititsa mafuta kukhala onanda, ochita thovu losatha msanga, ndi ofuka utsi moto usanakule. Muyeso woyenera pano ndi wa zinthu zonse zowonongeka pamodzi, zotchedwa total polar compounds, ndipo maiko ambiri a ku Ulaya amalamula kuti zikafika magawo 24 mpaka 27 mwa 100, mafutawo atayidwe. Dziko la South Africa linaika malire a magawo 25 mu 1996, pamene zinadziwika kuti mafuta otha ntchito a m'malo odyera ankagulitsidwanso kwa anthu osauka a m'malokeshoni. Masiku ano kuli kachipangizo ka m'manja kamene amakaviika m'mafuta otentha n'kupereka nambala pomwepo.

Nkosavuta kwa munthu wokhuta kulamula kuti mafuta atayidwe. Mayi wa ku Mtendere amene amadzuka tambala asanalire kukoleza malasha pa mbaula, kuti ana opita kusukulu ndi anyamata a pa siteshoni ya minibasi apeze vitumbuwa zotentha, amadziwa kuti ufa ndi saladi ndizo zimadya mpamba wake, ndipo chiwaya chake amachiyendetsa ngati nsupa ya mkazi wamasiye wa ku Zarefati: sichiuma, amangothirapo. Kunena zoona, kuthirapo sikoipa konse ngati malonda akuyenda, pakuti vitumbuwa zimamwa mafuta ambiri, ndipo atsopano olowa m'malo mwake amasungunula zoipa zija. Chimene chimapha mafuta ndi chiwaya chachikulu chotambalala chokhala ndi malonda ochepa, chosiyidwa pa moto chopanda kanthu poyembekezera ogula. Chiwaya chaching'ono chakuya, kusefa nyenyeswa ndi nsalu yoyera madzulo aliwonse, kuphula pamene palibe chokazinga, kuthira mchere pa tchipisi kutali ndi chiwaya, ndi kuvindikira mafuta akazizira, zonsezi sizifuna ngwee, ndipo zimatalikitsa moyo wa mafuta. Koma akayamba kuchita thovu lokwera mpaka m'milomo ya chiwaya, ndi utsi wolasa m'maso, afika pamapeto, ndipo kuthirapo sikungawadzutse.

*Kodi mafuta oguga amadwalitsa?*

Sadwalitsa mwa njira ya kolera, imene anthu a ku Kanyama anaiona mu 2017 ndi 2018, yogwetsa munthu m'maola ochepa. Ndipo mwina n'chifukwa chake nkhani yawo siimveka. Choyamba chimene amachita ndi kuba: vitamini E amatha, ndipo kumene mafuta amawonjezedwa vitamini A, monga ku Malawi kumene lamulo limatero, ma peroxide amawononga vitaminiyo mwana asanamudye. Ku Zambia vitamini A amaikidwa mu shuga kuyambira 1998. Chachiwiri, ma aldehyde ndi zinthu zolemera za m'mafuta otenthedwa mobwerezabwereza zaonetsa kuvulaza chiwindi ndi mitsempha ya nyama zoyeserapo zikadyetsedwa kwa nthawi yaitali. Ndipo mu 2006 bungwe la IARC, la pansi pa WHO, linaika utsi wa kukazinga pa moto waukulu m'gulu la zinthu zimene zikuganiziridwa kwambiri kuti zingayambitse khansa. Chotero amene ali pa ngozi yaikulu ndi wokazinga mwini, amene amaweramira chiwaya maola ambiri m'kakhitchini kopanda zenera, kuposa wogula chitumbuwa chimodzi.

*Ndani ali ndi udindo woyesa mafuta mu Zambia?*

Zambia Bureau of Standards, imene inakhazikitsidwa mu 1982, ndiyo imalemba miyezo ndipo ili ndi malabotale oyesera zakudya. Lamulo la 2017 linapatula ntchito yokakamiza miyezo n'kuipereka kwa Zambia Compulsory Standards Agency, imene imayendera mafakitale ndi kuona katundu wolowa pa zipata za dziko monga Nakonde ndi Chirundu. Lamulo la chitetezo cha zakudya la 2019, pamodzi ndi oyendera zaumoyo a khonsolo ya mzinda wa Lusaka, ndiwo amayang'anira zogulitsidwa m'misika.

Maganizo a wolemba uno ndi akuti miyeso yambiri imachitikira pamene mafuta ali pa ubwana wawo, pa fakitale ndi pa malire a dziko, pamene ukalamba wawo umachitikira kwina, m'zigubu zotsegula za ku Soweto Market ndi pa misomali ya tuntemba. Rancimat ndi makina odula, oyenera fakitale. Koma kuyesa peroxide value kumangofuna magalasi ochepa, sikelo yabwino ndi mankhwala a mtengo wapakati, ndipo University of Zambia, imene ili ndi dipatimenti yophunzitsa sayansi ya zakudya, inayandikana ndi Kalingalinga kotero kuti wophunzira angathe kugula kapepala ka saladi n'kuyenda nako wapansi mpaka ku labotale. Kuyesa kotero kungakhale kwa phindu ngati cholinga chake chili kuphunzitsa wogulitsa kumene angapachike katundu wake. Kukakhala kolanda ndi kulipiritsa, mabotolo adzangobisidwa pansi pa tebulo oyendera akamadutsa.

*Popanda labotale, mayi wogula angadziwe bwanji?*

Adonthezere pang'ono pachikhatho, atikite ndi chala mpaka patenthe, anunkhize. Mafuta oyengedwa abwino alibe fungo. Akamveka penti, kapena mtedza wokhalitsa m'nkhokwe, ndiye kuti nyengo yabata inatha kale. Aone pakhosi pa botolo ngati pali ulimbo wonanda, apemphe botolo la kumbuyo limene silinaone dzuwa, ndipo kunyumba aliike m'kabati kapena m'katoni, kutali ndi mbaula, lotseka. Wofuna umboni wa maso ake athire mafuta amodzimodzi m'timabotolo tiwiri toyera, kena aike pa zenera la dzuwa, kena mumdima, ndipo awanunkhize pakapita masabata awiri kapena atatu.

Chinthu chimodzi chimene chimaopsa anthu pachabe ndi kuchita mitambo kwa mafuta m'nyengo yozizira. Mu June ndi July, pamene m'mawa wa mu Lusaka umatsika pansi pa madigiri 10, saladi wokhala ndi mafuta a kanjedza amachita mitambo kapena kugwirana pansi pa botolo. Kumeneku ndi kuzizidwa chabe, ndipo botolo likaikidwa m'madzi ofunda amayeranso mbee, osataya kanthu.

*Nanga mafuta ofinya kumudzi, amene abale amatitumizira kuchokera ku Chipata kapena ku Katete?*

Mafuta a mpendadzuwa ofinyidwa ndi makina a m'manja, onga aja a Yenga amene anafala m'midzi ya Zambia m'zaka za m'ma 1990, kapena ndi timakina ta injini ta m'maboma, ali ndi mwayi umodzi ndi matsoka angapo. Mwayi wake ngwakuti tocopherol yense wa m'njere akadalimo, pakuti sanapyole m'moto wa fakitale umene umachotsako gawo lina. Matsoka ake ndi nsenga za njere, chinyezi, kobiriwira kamene kamaitana dzuwa, ndi tizidutswa ta chitsulo tochokera ku makina ofinyira. Ndipo ngati njerezo zinasungidwa zisanaume bwino, mafuta amabadwa ali kale ndi asidi wambiri. N'chifukwa chake Codex imawapatsa malire awoawo, 15 pa peroxide value ndi miligalamu 5 za chitsulo pa kilogalamu. Chigubu chotere chikatsika pa basi ku Intercity, chisiyidwe chikhale masiku angapo kuti nsenga zidikhe. Kenaka mafuta apamwamba atsanulidwe mosamala kupyola pa nsalu yoyera, alowe m'mabotolo ang'onoang'ono otsukidwa ndi kuumitsidwa kotheratu, lililonse lodzazidwa mpaka m'khosi kuti mpweya usapeze malo, ndipo azitsegulidwa limodzi limodzi. Nsenga zotsalira pansi zisasakanizidwe ndi mafuta osefawo. Ziphikidwe m'ndiwo za masamba sabata yomweyo.